Kudziwa kumafuna mphepo ya kunyanja

Lolemba m'mawa galimoto zoyera zikayamba kutsetsereka mu msewu wa M14 kuchokera ku Lilongwe, a kabaza a pa Kamuzu Road amakodolana: kwinakwake kwapezeka anthu osadziwa kanthu, ndipo akubwera kudzadziwitsidwa. Nzeru, zikuoneka, sizilowa m'mutu munthu ali mu ofesi yake. Zimafuna makilomita pafupifupi 100 mpaka pa Salima, ena 20 mpaka ku Senga Bay, kenaka chambo chootcha.

M'Chichewa nkhani yonseyi ndi mawu amodzi: kudziwitsa. Koma kudziwitsa kulibe bajeti. N'chifukwa chake amatenga Chingerezi, chomwe chili ndi liwu pa udindo uliwonse. Bwana wamkulu sauzidwa zinthu ngati mwana. Amapatsidwa briefing, mphindi khumi, atakhala pa sofa, kwinaku akuyankha foni. Amene wangolembedwa ntchito amapita ku induction, chinamwali cha mu ofesi, kungoti anamkungwi ake amavala tayi ndipo mwambo waukulu ndi kasainidwe ka fomu ya alawansi. Orientation ndi ya omwe asankhidwa kumene, masiku atatu, ndipo tsiku lachitatu theka la ophunzira limakhala likutsutsa mtengo wa usipa wouma. Akaiwala, pali refresher. Sindinaonepo munthu wokumbukira bwino mpaka kuikana.

Pansi penipeni pali sensitisation. Iyi ndi ya ife. Sichitikira mu holo ya mphepo yozizira koma pansi pa mtengo, ndipo malipiro ake ndi Fanta ndi banzi, mwina tisheti yofika m'maondo.

Tangoganizani mnyamata wa digiri yake, nsapato zonyezimira zikumira mumchenga, wafika pa doko kudzachita sensitisation ya asodzi. Wapachika chipepala pa nthambi, wajambulapo nsomba yooneka ngati nkhaka.

"Agogo, tabwera kudzakudziwitsani kuti nsomba zimafunika nthawi yoswana."

"Zikomo achimwene. Mwazimva liti zimenezi?"

"Tinali ndi training sabata yatha."

"Kuti?"

"Ku Senga Bay konkuno."

"Aa, ndiye munali pafupi. Mukanangofunsa."

Mkuluyo sakunyoza. Pa chilumba cha Mbenje, m'boma lomweli la Salima, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja kuyambira zaka za m'ma 1950, pomwe agogo ake a mnyamatayo anali asanaone ngakhale choko. Pachilumbapo mowa suloledwa, njuga n'zoletsedwa, ndipo nthawi yotseka ikafika aliyense amapakira maukonde ake n'kuchoka kuti utaka uswane. Panalibe projekita. Mfumu inanena, anthu anamva. Lero ofufuza amachokera kunja kudzaphunzira za Mbenje, n'kukalemba malipoti, malipotiwo n'kubala wekishopu, wekishopuyo n'kutuma mnyamata wathu kudzauza eni ake.

Koma musawamvere chisoni asodziwo, nawonso sukulu anailowa. Amadziwa kuti ukavomera msanga kuti wamva, alendo sabweranso. Choncho amagwedeza mitu mwaulemu, wina n'kukweza dzanja: "Bwana, mfundo yachiwiri ija yatipita pang'ono." Mnyamata amalemba mu lipoti kuti anthu akufunikabe awareness yambiri, ndipo mtima wake umakhala m'malo, poti ulendo wina wapezeka.

Boma likati chuma chavuta, misonkhano ya kunyanja ichepe, omwe amayamba kudandaula ndi amayi ogulitsa nsomba pamsewu ndi anyamata a ziboliboli, osati ophunzira. Sipapita nthawi, galimoto zoyera zija zimatulukiranso. Akuti abwera kudzachita orientation ya momwe angachepetsere misonkhano.

Pa doko paja msonkhano watha, pepala la maina layenda, osalemba adinda chala. Agogo aja akupukuta inki pa kabudula.

"Achimwene, nanga ya thiransipoti?"

"Koma agogo, nyumba yanu si iyo apoyo?"

"Eya. Koma pobwera ndinazungulira."