Kaundula wa Zolowa ndi Zotuluka m'Khola la Makoswe

Khomo: khola la makoswe aang'ono, Johns Hopkins University, Baltimore. Chaka: 1932. Osunga buku: H. D. Kruse, Elsa Orent ndi E. V. McCollum.

Zolowa: chakudya chokhutitsa, madzi, mavitamini. Chochotsedwa dala ndi maginiziyamu yekha. Anatsalamo mamiligalamu 1.8 pa kilogalamu ya chakudya, pomwe chakudya cha makoswe ofufuzira masiku ano chimakhala ndi pafupifupi 500.

Zotuluka, sabata yoyamba: makutu ndi khungu kufiira psuu, mitsempha ya magazi itafutukuka.

Zotuluka, masiku otsatira: mtendere unatha. Kaphokoso kochepa, khoswe wadzidzimuka, akuthamanga mozungulira khola, wagwa, akuphupha. Mtima, umene mwa khoswe wathanzi umagunda ka 300 mpaka 400 pa mphindi, unayamba kuthamanga mopitirira ndi kuphonyaphonya.

Zotuluka zosaoneka ndi maso: apa ndi pamene chuma chambiri chinathera. Pakhoma la selo iliyonse ya mtima pali timapampu totulutsa sodiyamu ndi kulowetsa potaziyamu, ndipo sitiyenda popanda maginiziyamu. Tikafooka, potaziyamu amachepa m'selo, kashiamu amachuluka, selo n'kuyamba kugunda nthawi yake isanakwane. Impso nazonso zimangotaya potaziyamu mumkodzo. N'chifukwa chake kuwonjezera potaziyamu yekha sikutseka ngongoleyi: amalowa lero, mawa watuluka. Chondidetsa nkhawa pa mzere umenewu n'chakuti kuyeza magazi kumatha kuubisa. Maginiziyamu wa m'magazi safika ngakhale gawo limodzi mwa 100 la yense amene ali m'thupi. Wochuluka ali m'mafupa ndi m'minofu. Pepala likhoza kunena kuti zonse zili bwino pamene nkhokwe yayamba kale kutha.

Chiwongoladzanja: chinawerengedwa pa agalu ku Philadelphia mu 1970. Robert Seller ndi anzake anachepetsa maginiziyamu m'magazi a agaluwo ndi makina osefa magazi, kenako n'kuwapatsa mankhwala a mtima a gulu la digitalis. Mlingo wocheperapo kusiyana ndi umene ukanafunika maginiziyamu asanachepe unali wokwanira kusokoneza kagundidwe ka mtima.

Zobwezedwa: magnesium sulfate wolowetsedwa mumtsempha anabwezeretsa mtima wa agaluwo pa kagundidwe kake.

Zosabwezeka: makoswe ambiri a ku Baltimore anafa akuphupha mwezi usanathe. Mzere umenewu ndaulemba pawokha chifukwa iwo ndiwo analipira, ndipo suyenera kumira pakati pa manambala.

Olandira phindu: pakati pawo pali wodwala amene mtima wake wagwidwa ndi vuto loopsa lotchedwa torsades de pointes, pamene mapampu aakulu a mtima amathamanga mosokonekera mpaka munthu kukomoka. Madokotala amamupatsa magalamu 2 a magnesium sulfate mumtsempha, ngakhale zoyeza magazi zitasonyeza kuti maginiziyamu wake ndi wokwanira.