Ulemu kwa Batani Lobisala

Anthu amadandaula kuti mwambo unatha, ati masiku ano mlendo akatsanzika, eni nyumba amangoti "chabwino" maso ali pafoni. Odandaulawo ayese kutseka akaunti ya pulogalamu yomvera nyimbo pa intaneti. Adzaona okha kuti mwambo sunafe, unangosamukira m'foni. Ine ndinayesa mwezi wathawu, ndipo chimwalirire agogo anga sindinaperekezedwepo mwaulemu chotere.

Sikuti nyimbo zinanditopetsa. Chinandichotsa ndi kwacha. Chigwere chake mu November 2023, pamene inatsika ndi 44 peresenti tsiku limodzi, chilichonse cholipira m'madola chinamera mano. Malipiro akangolowa, kampani ya nyimbo inkayamba ndiyo kutapa, mwini nyumba asanagogode, mchere usanagulidwe. Dzina lake sinditchula, pakuti mlendo woleredwa saulula nyumba imene anadyako nsima yosapsa. Chiyambire Spotify ku Sweden mu 2008, makampani otere aphuka ngati bowa wa mvula yoyamba, ndipo yanga ndi imodzi chabe m'khamu limenelo.

Polowa panalibe vuto. Chitseko chinali pululu, batani lake lalikulu ngati chikwangwani cha sitolo, ndipo mphindi imodzi isanathe ndinali wapabanja. Koma batani lotulukira, abale, ndilo ndabwera kudzalitamanda. Ndi lofatsa, lamanyazi, losadzionetsera. Limakupatuka ngati mkamwini akaona apongozi ake panjira. Ndinalifuna m'pulogalamu ya pafoni, osalipeza. Ndinauzidwa kuti limakhala pa tsamba la kampani, ndinapita. Kumeneko ananditumiza ku chipinda cha akaunti, a ku akaunti ananditumiza kwa othandiza, othandiza anandipatsa nkhani yaitali yofotokoza ubwino wokhalabe. Bandulo ya sabata inathera panjira. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nkhono ndi yosavuta: siifunsa pasiwedi.

Inde, pasiwedi. Kwa zaka zinayi palibe amene anaifunsa. Nyimbo zinkangoyimba, ndalama zinkangochoka, tonse tili pamtendere. Tsiku lotsanzika ndi limene mlonda wa pachipata anakumbukira ntchito yake. Pasiwediyo ndinali nditaiwala, choncho anati anditumizira ina ku imelo. Imeloyo ananditsegulira msuweni wanga kalekale, ndipo nambala yotsimikizira inkapita ku layini imene inatayikira limodzi ndi foni m'minibasi. Taonani chikondi chake: kuti atenge ndalama zanga sanakayikepo kuti ndine, koma kuti andilole kupita anafuna umboni wonse, kuopa kuti mwina ndi mdani akufuna kutipasula.

Nditalipeza batani lija, ndinalidina mtima uli m'malo. Apa ndipo mwambo weniweni unayamba. "Mukutsimikiza?" Ndinati inde. "Mukutsimikizadi?" Ndinakumbuka azakhali anga kumudzi, amene ukati ndapita amagwira chikwama chako n'kunena kuti nsima ili pamoto. Nsima inabweradi: miyezi itatu pamtengo wa theka. Nditakana, anandifunsa chimene chandikhumudwitsa, n'kundiyalira zifukwa zoti ndisankhepo. Panali chakuti ndapeza kwina, panali chakuti sindimvera kawirikawiri. Chakuti thumba la ufa lakwera panalibe.

Kenaka anatulutsa ana. Aliyense wodziwa kukakamiza mlendo amadziwa kuti mawu akalephera umaitana ana kuti amugwire miyendo. Anandionetsa mindandanda yanga yonse ya nyimbo, umodzi umodzi: wa m'mawa, wa paulendo, wa Lamulungu, ndi wina umene ndinaupanga usiku wina chibwenzi chitatha, umene ndinkayesa kuti ndinaufufuta. Onse ataima pakhomo, maso ali mwaa, kundifunsa ngati ndikuwasiyadi amasiye. Ndani anaphunzitsa makina zimenezi? Munthu ameneyo anakhalapo pakhonde la kwathu.

Ndinalimba mtima, ndinadina, ndinapuma. M'mawa mwake ndinapeza kuti ndikadali m'nyumba yomweyo. Chimene ndinachita ndi kusiya kulipira basi. Anangondichotsa kuchipinda chachikulu n'kundiyalira mphasa kukhitchini, kumene nyimbo ziwiri zilizonse zimalekezedwa ndi munthu wotsatsa malonda. Kumeneko ndi kupatukana chabe. Kusudzulana kwenikweni, kofufuta dzina m'kaundula, kuli ndi batani lakelake, lobisala kuposa loyamba lija. Ndipo n'zoona, banja silitha ndi mawu a munthu mmodzi wopsa mtima. Pamafunika ankhoswe, pamafunika kukhala pansi kawiri katatu. Kusiyana kwake n'kwakuti ankhoswe a kuno onse ndi a mbali imodzi.

Ndamva kuti kunja kuli anthu osayamika amene akufuna kuthetsa mwambo wokongolawu. Katswiri wina wa ku Britain, Harry Brignull, mu 2010 anapatsa misampha yotereyi dzina lonyoza lakuti dark patterns, kutanthauza njira zopangidwa dala kuti munthu asochere n'kuchita zimene sanafune. Mayiko a mu European Union anayamba mu 2018 kugwiritsa ntchito lamulo la GDPR, limene limapatsa munthu ufulu wouza kampani kuti ifufute zonse zimene ikusunga zokhudza iye. Ku America, bungwe la FTC linakhazikitsa mu 2024 lamulo lakuti kutuluka kuzikhala kosavuta ngati kulowa, koma khoti linaligwetsa mu 2025 lisanayambe kuluma. Oweruza amenewo ndimawagwadira. Akanapanda iwo, bwenzi anthu akungochoka m'nyumba za eni ngati mbuzi zotuluka m'khola.

Komabe pali kanthu kamodzi kamene kakundidya, ndipo apa ndivula kaye jekete la mlaliki. Zaka zinayi ndalipira mwezi ndi mwezi, ndipo ndatuluka chimanjamanja. Ngakhale nyimbo zimene ndinkati ndasunga m'foni zinazimirira tsiku lomwe ndinasiya kulipira. Bambo anga anagula makaseti a Allan Namoko ndi a Alleluya Band kamodzi kokha, ndalama inachoka kamodzi, ndipo mpaka lero ali m'katoni pansi pa bedi. Tepi ikatafunidwa ndi wailesi ankaikulunga ndi bolopeni, nkhani n'kutha. Palibe amene anabwera kuchokera kutsidya la nyanja kudzawalanda chifukwa choti mwezi uno sanapereke. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ine nyimbo zanga zonse zinali pachala, ndipo chalacho chinali cha wina.

Ndalama zanga zikanakhala kuti zinkafika zonse kwa oyimba, bwenzi ndikudzitonthoza kuti ndinali kupereka chopereka. Koma woyimba amalandira kachidutswa kosaoneka ndi maso pa kumvera kulikonse, ndipo kamadutsa m'manja ambiri kasanamufike. Pamene mwini nyumba amatsala ndi chuma china chimene sindinadziwe kuti ndikupereka: amadziwa nthawi imene ndimadzuka, nyimbo imene ndimaibwereza kasanu pakati pa usiku, ndi kuti Loweruka ndimamvera zimene sindingamvere pamaso pa abusa. Mkazi wanga sadziwa zonsezi. Chifukwa chake batani lachiwiri lija ndi lofunika, ndipo chifukwa chake analikwirira mozama chonchi.

Koma tisanyoze. Ndi kuti kwina kumene munthu wamba amafunsidwa katatu ngati akutsimikiza? Pali maofesi ena m'tauni muno kumene failo yako imadzitseka yokha, popanda batani, iwe uli pamzere kuyambira mbandakucha, ndipo bwana wake akuti ali kumsonkhano kunyanja. Amene amadula madzi safunsa ngati mukutsimikiza. Amene amazimitsa magetsi sakupatsani miyezi itatu pamtengo wa theka. Mabwana amenewa ndikanakonda atatumizidwa kukaphunzira ulemu kwa batani langa, ngakhale ndikudziwa kuti angapite pokhapokha alawansi italembedwa. M'moyo wanga wonse, ndi pulogalamu ya nyimbo yokha imene yandiuzapo kuti idzandisowa.

Tsiku lachitatu madzulo ndinafika pa batani lomaliza. Ndinadina. Kunabwera kalata ya ulemu kwambiri, yonena kuti akaunti yatsekedwa, koma chitseko achisiya chotsekula pang'ono kwa masiku asanu ndi awiri, kuti mwina ndingasinthe maganizo. Uku ndiye kuperekeza kwenikweni, kofika nako mpaka pamtsinje, mwini nyumba n'kuima pamenepo kukuyang'ana mpaka utazimirira kuseri kwa chulu.

Masiku asanu ndi awiriwo ndinawapirira ngati munthu wosala mchere. Ndinkayembekezera kuti lachisanu ndi chitatu ndidzuka m'nyumba ya zii, ndimve mbalame, ndimve maganizo anga. Ndinadzuka 5 koloko m'mawa makoma akunjenjemera. Aneba anga, bambo aulemu wawo amene anagula chisipika chachikulu ngati filiji, anali atayamba utumiki wawo wa tsiku ndi tsiku. Iwo salipira mwezi ndi mwezi. Ali ndi fulashi imodzi imene anakathiritsa nyimbo kumsika, ndipo amatigawira tonse a mzere uno kwaulere, kuyambira zauzimu m'mawa mpaka za kumowa usiku, popanda kutifunsa pasiwedi.

Ndinavala malaya, ndinapita kukagogoda. Tinapatsana moni mokuwa, ndipo ndinawafunsa mwaulemu ngati utumiki wawo uli ndi potulukira. Anandiyang'ana modabwa, n'kutsitsa mawu pang'ono kuti andimve bwino.

"Mukutsimikiza, achimwene?" anatero. "Khalani kaye, tiyi ali pamoto."