Pusi wa Mahedifoni

Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pusi wa lero sakweranso mumtengo. Wakhala pa desiki, buku la Biology lili patsogolo, timawaya tili m'makutu, mutu ukugwedera. Mukamudzudzula amati, "Amayi, nyimbo zimathandiza kuti zilowe." Kulowa zimalowadi, koma zolowazo n'ziti?

Bodzali lili ndi kwawo. Mu 1993, Frances Rauscher ndi anzake a ku University of California, Irvine, anaikira ophunzira 36 nyimbo ya Mozart kwa mphindi 10, kenako n'kuwapatsa mafunso oyerekeza maonekedwe a zinthu m'maganizo. Anakhozako bwino, koma nzeruzo sizinadutse mphindi 15. Komanso anthuwa anamvera kaye nyimboyo n'kuizimitsa, sanawerenge ikulira. Nkhani ikamayenda imanenepa. Pofika 1998, bwanamkubwa wa Georgia, Zell Miller, anali akupempha $105,000 yoti khanda lililonse lobadwa kumeneko lizipatsidwa nyimbo zamtunduwu. Khanda, loti dzina lake lomwe silikulidziwa!

Vuto lenileni ndi mawu. Mawu a m'buku ndi mawu a m'nyimbo ya Driemo amalimbirana malo amodzi m'mutu, ndipo a Driemo amabwera ndi ng'oma pomwe a m'buku amabwera chimanjamanja. Nick Perham wa ku Cardiff anapeza mu 2010 kuti poloweza zinthu motsatana, nyimbo imasokoneza, kaya mumaikonda kaya mumadana nayo. Pa chete m'pamene anthu ankakumbukira bwino.

Chagadacho chimachitikira pa MSCE. A MANEB salola foni, m'chipinda muli zii. Funso likuti fotokozani ntchito ya impso. Mnyamata atsinzina, afufuza m'mutu, n'kupezamo kolasi yonse mpaka pomwe gitala amalowera. Phazi layamba kale kugunda pansi. Impso zokha ndiye kulibe.

Komabe tisafulumire kumuweruza mwana wa ku Ndirande amene kumanja kwa nyumba yawo kuli bala, kumanzere chigayo, kuseri mapemphero a usiku wonse a chimkuzamawu. Ameneyo akatseka makutu ndi nyimbo ndimamumvetsa. Bola asankhe yopanda mawu, kapena ya chinenero chimene sachimva. Ndikanati aike amapiano a ku Joni, koma ana a lerowa Chizulu cha m'nyimbozo anachiloweza kale, pomwe magulu a mayina a Chichewa akuwakanikabe.