Akhansala Agwira Tochi, Wadi Yonse Pakamwa Yasaa

Sabata ino nkhani ya mtengo wa ufa yapumako kaye m'wadi mwathu muno, kuno ku Blantyre. Aliyense akukamba za akhansala. Loweruka lapitali anaitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu n'kulengeza kuti umbava, mdima wa m'misewu ndi ngalande zotsekeka ziona zakuda. Usiku wake womwewo anavala jekete lonyezimira, kugwira tochi, n'kuyenda ndi anyamata a neba mpaka tambala woyamba. Mmene kumacha n'kuti aliyense ali ndi yake yonena.

Pakiyosiki ya madzi, pomwe zigubu zimafola mzere eni ake ali pamthunzi, amayi akuti anawaona ndi maso awo. Akuti akhansalawo anali kumbuyo kwenikweni kwa gululo, ndipo tochi yawo inkaunika pansi pokhapokha poopa kugwera m'ngalande. Mayi wina akuti zikanakhala bwino akanagweramo ndithu, kuti lipoti lopita kukhonsolo ku Chichiri lilembedwe ndi munthu wonyowa mpaka m'chiuno. Anzake anaseka mpaka kuombana m'manja. Koma mayi wogulitsa madziwo anafunsa mwaulemu kuti matewera a ana, majumbo ndi phulusa la mbaula zimene zatseka ngalandeyo zinachokera kukhonsolo kodi? Nkhani inatembenukira pomwepo kwa chinkhoswe cha mwana wa asheya.

Anyamata a neba nawo ali ndi dandaulo lawo. Akuti usiku aliyense amawafuna, koma tsiku lotolera ndalama ya pamwezi makomo onse amakhala otseka, kupatula kamwana kamene kamasuzumira pazenera n'kunena kuti amayi ati achokapo. Alendi akuti alipire ndi alandilodi poti nyumba ndi yawo. Alandilodi akuti nyumba siibedwa, chimabedwa ndi wailesi ya alendi. Pofuna kuthetsa mkanganowu, akhansala anabweretsa nzeru yotchipa: nyumba iliyonse ikhale ndi wezulo, wina akamva chigogodo chachilendo aimbe, ena onse atuluke. Mawezulo anagulidwa ndithu. Ambiri mwa iwo ali kale kubwalo la mpira wa chikulunga, komwe masewero aliwonse tsopano ali ndi oimbira asanu. Wezulo woyamba kulira usiku analira Lachiwiri cha m'ma 1 koloko, ndipo mboni zikuti chimene chinamveka pambuyo pake ndi phokoso la anthu akukankhira mipando kuzitseko. Kutacha zinadziwika kuti anali bambo wina amene mayi a kunyumba anamutsekera panja atachedwa kushabini.

Pamsonkhano paja mfundo imene inautsa mapiri pachigwa ndi ya wakuba wogwidwa. Akhansala ananenetsa kuti tayala ndi petulo ayi, wogwidwa apite kupolisi ali wamoyo. Anthu anang'ung'udza kuti ukam'pereka lero, mawa umakumana naye pamsika akudya chiwaya. Wapolisi woona za chitetezo cha m'madera, amene anabwera nawo, anafotokoza kuti malamulo a dziko lino amafuna kuti womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, kuti belo ya kupolisi ndi yaulere, komanso kuti mlandu umafa ngati wobedwayo sakupita kukachitira umboni. Kenako anafunsa kuti ndani mwa obedwa anapitako kukhoti. Manja amene anakwera sakanadzaza ngakhale benchi limodzi.

Pasiteji ya kabaza nkhani ndi magetsi a sola amene akhansala alonjeza kukapempha kuti aikidwe pamlatho ndi pakhonde la msika. Anyamatawa akuwafunitsitsa, chifukwa pamlatho pomwepo ndi pamene anzawo amalandidwa njinga zamoto ndi anthu obwera ngati makasitomala. Koma agawanika pa za batire. Ena akuti liwotcheredwe pamwamba penipeni pa polo, ena akuti ngakhale mutaliika kumwamba anyamata a kuno amakwera ndi mtima wonse. Mmodzi, akupukuta galasi la njinga yake, anangoti wakuba batire sadya batire, amagulitsa, ndipo wogula ndi munthu wa nyumba ya malata yemwe pamsonkhano amakhala kutsogolo. Onse akuti amawadziwa ogula ndi ogulitsa omwe. Bwanji osawatchula? Khoswe akakhala pamkhate sapheka: uyu ndi mphwake wa uje, uyo amaimba kwaya ndi alamu anu.

Madoda a pabawo, pansi pa mtengo wa mango, akuiona nkhaniyi ndi maso a mbiri. Mkulu wina wopuma pantchito ya uphunzitsi amakumbutsa aliyense wofuna ndi wosafuna kumva kuti makhansala oyamba mu ulamuliro wa zipani zambiri anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala opanda khansala mpaka chisankho cha patatu cha pa 20 Meyi 2014. Akuti zaka zimenezo ndi zimene zinasokoneza anthu, moti mpaka lero sasiyanitsa ntchito ya phungu, yokapanga malamulo ku Lilongwe, ndi ya khansala, yotengera zofuna za wadi kukhonsolo monga linanenera lamulo la maboma aang'ono la 1998. Mnzake wosewera naye, akutakata, anati zonsezo ndi zoona, koma chiyambire thumba la chitukuko la CDF mu 2006, aphungu ndi makhansala akhala akukokanakokana pa za amene agwire chikwamacho, ndipo wopanda chikwama amangotsala ndi tochi. Wachitatu anatsitsa mawu n'kuti tisapusitsidwe, meya amasankhidwa kuchokera pakati pa makhansala, choncho kuyenda usikuku n'kuyeserera mkanjo ndi tcheni cha m'khosi. Apa aphunzitsi aja anadyedwa nkhomo zitatu osazindikira.

Za umeyazo kaya, koma aliyense wodutsa pakhomo pa akhansala m'mamawa amawamvera chisoni. Pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 mawadi m'dziko muno anali 509, ndipo ndi kovuta kukhulupirira kuti pali khomo lina logogodedwa kuposa limeneli. Anthu amafika kusanache: uyu mwana wathamangitsidwa fizi, uyu chimbudzi cha neba wake chasefukira m'khichini mwake, uyu nkhuku zake zalowa kwina osabwerako, awa akufuna bokosi ndi galimoto ya maliro. Akhansala amayesetsa kulongosola kuti za madzi ndi za Blantyre Water Board, za magetsi a m'nyumba ndi za ESCOM, kumanga mbava ndi kwa apolisi, ndipo iwo salandira malipiro enieni koma kangachepe ka pamwezi. Gogo wina atamvetsera zonsezo modekha akuti anafunsa kuti, nanga bambo, inuyo tinakuvoterani kuti muzitilozera njira basi? Anachoka ndi ndalama ya minibasi.

Pali mphindi imodzi pamsonkhano paja imene palibe anaseka. Akhansala anatchula za namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, mmene matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwiririra mabanja ku Chilobwe, n'kupempha kuti anthu aleke kumanga m'mphepete mwa mtsinje ndi m'malo otsetsereka. Bwalo lonse linati zii, ena akupukuta m'maso. Koma akabaza akuti bambo amene anaomba m'manja kwambiri pa mfundoyi anamuona Lolemba akuumba njerwa pagombe pomwepo. Atamufunsa, akuti anayankha kuti akungomanga kampanda koteteza nyumba imene anamanga kale.

Chitukuko chimodzi chokha ndiye chaoneka ndi maso: giledala inabwera n'kusalaza msewu wopita kumsika. Kwa masiku angapo akhansala anali ngwazi. Tsopano amayi a mandasi akudandaula fumbi, makolo akuti njinga zamoto zikuuluka ndipo ana saoloka bwino, ndipo anyamata ena akumba okha mahampu atatu aatali moti matakisi akukhula mimba pansi. Walira mvula walira matope. Nthumwi zapita kale kwa akhansala kukapempha kuti giledala ibwerenso idzachotse mahampuwo, ndipo nthumwi zina zikukonzeka kukapempha kuti isabwere.

Pagulu la WhatsApp la wadi yathu, lomwe nthawi zambiri limadzaza ndi mavesi a m'mawa ndi malonda a zitenje, akhansala alengeza kuti Lachisanu lachiwiri la mwezi, tsiku losesa lija linakhazikitsidwa mu 2020, tonse tikakumane pangalande ndi makasu, mafosholo ndi mawilibala. Zala zoloza m'mwamba zagwa zambirimbiri. Funso loyamba linali lakuti kodi kukhala kangachepe, lachiwiri lakuti nanga zakumwa. Akhansala atayankha kuti kulibe zonse ziwiri, gulu linakhala chete mpaka madzulo. Pamene tikulemba pano, abambo anayi adziwitsa kale kuti msana wawavuta, ndipo mmodzi wapepesa kuti tsiku limenelo adzakhala ali kumaliro ku Thyolo, ngakhale kudakali milungu iwiri.