Za Manganya, kuno kwa Kaomba sitinamvanebe

Nkhaniyi tinaikangana kale kuchigayo, pabawo, mpaka pamzere wa malole a fodya ku Chinkhoma, koma yakana kufa. Kodi oseketsa a pa kanema aja akamagemula andale amakhala akutilankhulira ife, kapena akulambula njira yawo?

Ena amati yankho lili pambalambanda. A Michael Usi tinawadziwa ngati Manganya mu Tikuferanji. Mu June 2024, a Saulos Chilima atatisiya pa ngozi ya ndege ku Chikangawa, tinawaona akulumbira kukhala wachiwiri kwa pulezidenti. A Bon Kalindo, Winiko uja, analowa ku Nyumba ya Malamulo mu 2014. Ndiye akuti nthabwala ndi makwerero basi. Ena amakanitsitsa, ati munthu amene wakhala zaka akutchula matenda a mudzi, mumulekerenji kugwira mankhwala? Apa sipalephera wodziwa zakunja wokumbutsa kuti ku Ukraine, Volodymyr Zelensky anayamba wasewera upulezidenti pa kanema asanaupeze weniweni mu 2019. Timagwedeza mitu mwaulemu. Chonsecho mu September 2025, a Usi ataima pa mpando waukulu ndi chipani cha Odya Zake Alibe Mlandu, ife omwe tinkagwa nako kuseka tinakachonga kwina. Makwererowo akuoneka kuti amathera m'njira.

Akuluakulu ali ndi yawo. Amati kale kunali ulemu, mtsogoleri sankaseweredwa, makamaka kuno kwawo kwa Ngwazi. N'zoona ndithu. Kungoti kanema wathuwathu anadza mu 1999, nthawi ya a Muluzi, a Kamuzu atamwalira kale, ndiye ulemuwo sunayesedwepo pa galasi. Komanso taonani: amene amayamikira kwambiri nthawi imeneyo, akafika pa dzina la apayoniya amatsitsa mawu n'kucheuka, mpaka lero.

Mkangano umakoma ukafika pa Makiyolobasi, pulogalamu ya MBC ya nthawi ya a Bingu ija, yomwe inkagemula otsutsa boma. Ena amalumbira kuti chiyambire sanasekepo chomwecho. Ena amati boma likamakuseka pa wayilesi yoyendera msonkho wako, chimenecho ndi chikwapu chopaka shuga. Chodabwitsa n'chakuti magulu awiriwa amasinthana mipando. Amene ankati "ndi nthabwala chabe, musamakwiye" ndi omwewo amafuna woseketsa atsekeredwe wawo akakhudzidwa. Boma likasintha, nthiti zoseka nazo zimasamuka.

Pa Izeki ndi Jakobo pokha ndi pamene timakhala pamodzi, mwina poti onse awiri, a John Nyanga ndi a Eric Mabedi, anatsikira kulichete ndipo sangatitsutse. Alipo olumbira pali manda a agogo awo kuti awiriwa ananyoza pulezidenti pamaso pake, iye n'kuseka mpaka misozi. Mukafunsa kuti pulezidenti uti, chaka chiti, aliyense amatchula yemwe sankamukonda.

Achinyamata amatiseka tonse. Iwo akuti zenizeni zili pa foni, pa Facebook ndi TikTok, pomwe mnyamata amatsanzira mawu a nduna popanda mkulu wa pulogalamu womudula. Akuluakulu amati zimenezo n'zamwano, zosaleredwa, kenaka n'kusendera pafupi: "Tabwezera pomwe akutsokomola paja, sindinamve bwino."