Nsambo sikisi, nyimbo palibe

Ku Nkhata Bay kuno munthu wopanda luso sabisika. Kamwana koti sikanayambe n'komwe sukulu kamapalasa bwato kakuimba mluzu. Agogo a imvi mbuu akangomva ng'oma ya malipenga amaiwala nyamakazi, n'kutulukira atavala kabudula woyera ndi masokosi ofika m'maondo. Amayi ali ndi chilimika chawo pa Chaka Chatsopano. Anyamata ogulitsa ziboliboli mumsewu wa ku Chikale amasintha Chingerezi malinga ndi kumene mlendo wachokera. Ndiye pali ine, mwana wa ku Dowa amene ndinabwera kuno chifukwa cha ntchito. Kusambira sinditha, bwato ndimakwera nditatsinzina, ndipo miyendo yangayi si yoti munthu n'kuionetsa pabwalo mu kabudula woyera.

Nditaunguzaunguza ndinapeza kuti luso lokhalo limene munthu angaphunzire ali pamtunda, atakhala pansi, atavalanso thalauza, ndi gitala.

Ndinakagula m'sitolo ina ku Mzuzu. Mtengo wake musandifunse, chifukwa mayi a kunyumba amawerenga tsamba lino, ndipo mtengo umene ndinawauza ndi wina. Mungodziwa kuti kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mawu akuti "chotchipa" amangotanthauza chinthu chimene ukagula umathabe kukwera galimoto yobwerera kwanu. Magitala akuluakulu anali pakhoma, akunyezimira, koma wogulitsa atayang'ana nsapato zanga anawerama n'kusolola kena pansi pa tebulo.

"Bwana, kanu ndi aka. Ka oyamba kumene. Ngakhale Ed Sheeran amaimba kakang'ono chonchi."

Apa mnyamatayo sananame. Ed Sheeran anatchukadi akuimba kagitala kakang'ono kopangidwa ndi kampani ya Martin ya ku America, imene inayamba ntchito yake mu 1833. Kanga dzina kali nalo, lolembedwa ndi utoto wagolide pamutu pake, ndipo ukaliwerenga uli patali limafanana ndi dzina lina lotchuka. Ukayandikira umapeza kuti chilembo chimodzi chinasochera panjira.

Ubwino woyamba wa kagitala kakang'ono ndinauona tisanatuluke n'komwe mu Mzuzu. Amene munakwerapo Sienta yotsika ku Nkhata Bay mukudziwa kuti galimoto ya anthu 7 imeneyi sidziwa kuwerenga. Gitala yaikulu ikanalipitsidwa mpando wakewake, kapena akanaiponya kumbuyo pamodzi ndi matumba a kabichi. Kanga kanakhala pamiyendo phee, makilomita onse osakwana 50 aja, m'makhota monse. Mayi wina amene chigongono chake chinali m'nthiti mwanga anakayang'ana n'kumwetulira.

"Mwagulira mwana?"

"Eya, mayi," ndinatero ine, bambo wa ndevu zanga.

Funsolo linali ndi nzeru. Magitala amenewa amapangidwa poganizira ana ndi anthu apaulendo. Nsambo zake zimatalika masentimita pafupifupi 58, pamene za gitala yaikulu zimafika cha m'ma 65. Ndiye kuti timizere tachitsulo ta pakhosi pake timakhala moyandikana, ndipo zala sizitambasuka mpaka kumva kuwawa. Kwa mwana wa Sitandade 5 ndi dalitso. Kwa munthu amene zala zake zinakulira pa mpini wa khasu ndi nkhani ina. Ndikafuna kudina nsambo imodzi, chala changa chimagwira ziwiri n'kupereka moni kwa yachitatu.

Koma chimene chinandizunza kwambiri ndi china, ndipo apa ndikufuna ofuna kugula amvetsetse, poti ndi pamene magitala otchipa ambiri amagwera. Nsambo zisamakhale patali ndi khosi la gitala. Mukawerenga timizere tija kuchokera kumutu mpaka ka nambala 12, mpata wa pakati pa kamzereko ndi nsambo uyenera kukhala mamilimita awiri kapena atatu basi, malo oti mtengo wa machesi ulowe mosavutikira. Pa kanga pankalowa chala chaching'ono chonse. Limenelo linali thandala loyanikira usipa, osati choimbira. Kuti nsambo ifike pansi ndinkachita kuluma mano, ndipo pasanapite nthawi nsonga za zala zinatuluka matuza moti mabatani a malaya ankandimangira ndi ana.

Ndinkangoti walira mvula walira matope. Anandipulumutsa ndi mnyamata woimba gitala m'kwaya ya kutchalitchi kwathu. Anakatenga, n'kutsinzina diso limodzi, n'kuyang'ana khosi lake kuchokera kumutu, ndipo anati mwayi wanga khosilo n'lowongoka. Likanakhala lopindika, akuti, akanandiuza kuti ndikapachike pakhoma kakhale chokongoletsera. Kenako anamasula nsambo zonse, anazula kapulasitiki koyera kamene nsambo zimatsamira kumimba kwa gitala, n'kuyamba kukakhula kunsi kwake pa sanipepa atamuyala pa simenti. Amati akakhula pang'ono, abwezeretse, ayese, azulenso. Atamaliza, kagitala kanafewa moti ndinayamba kukayikira ngati ndi komwe kaja. Malipiro ake anali mbale ya kondowole ndi batala wootcha. Anandiphunzitsanso kayesedwe kena: uliza nsambo osaidina, kenako uidine pa kamzere ka nambala 12 kaja. Mawu ayenera kukhala omwewo, kungoti okwera. Akasiyana kwambiri, gitala imeneyo ngakhale uichune mpaka Yesu adzabwere, nyimbo izidzamveka yokhota. Kanga kanakhoza mayeso amenewa, ngakhale kuti sikanakhale nambala wani.

Za kuchuna nazo ndi mutu pawokha. Nsambo zilipo 6, ndipo iliyonse ili ndi mawu ake: E, A, D, G, B ndi E ina yowonda. Masiku ano foni imakuthandiza, umangoliza nsambo iyo n'kukuuza kuti kweza kapena tsitsa. Vuto n'lakuti nsambo zatsopano zimatamuka, ndiye ukafika pa yachisanu ndi chimodzi yoyamba ija yabwerera kale kwawo. Chochunira chimodzi chinalinso cholobodoka mpaka ndinachimanga ndi nsonga ya mpeni. Sitima ya Ilala yakhala ikuyenda panyanjapa kuyambira 1951, koma hutala yake ikalira pofika padoko mawu ake amakhala omwe aja. Kagitala kanga kogula chaka chino kamasintha maganizo ndisanamalize kumwa tiyi.

Madzulo ena mayi a kunyumba anaima pakhomo ndi chipande m'manja.

"Bambo, nyimbo mumaimba tsiku ndi tsikuyi ndi ya ndani?"

"Imeneyi si nyimbo, mayi. Ndikuchuna."

"Oo. Chifukwa ndi yokhayo imene mumaimaliza."

Mkazi wa Chitonga sakuwa. Amangokuikira mawu pambale mwaulemu, iwe n'kumawatafuna mpaka m'mawa.

Tsono pali za nyengo, zimene wogulitsa wa ku Mzuzu sangakuuzeni. Boma lino ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'Malawi muno, ndipo chinyezi cha kunyanja sichigwirizana ndi waya. Nsambo zanga zachitsulo zinayamba dzimbiri mwezi usanathe. Mankhwala ake ndi kansalu kouma: ukamaliza kuimba, pukuta nsambo imodziimodzi, pamwamba ndi pansi pomwe. Ndipo sambani m'manja musanagwire gitala, makamaka ngati mwangodya kumene kondowole. Ine ndinaiwala tsiku lina, ndipo nsambo ya G inakhala sabata yathunthu ikulira ngati ili ndi chimfine. Thupi la kagitalaka ndi la pulayiwudi, timatabwa topyapyala tomata ndi guluu. Akatswiri amanyoza zimenezi, amati mawu ake safanana ndi a thabwa lenileni, ndipo akunena zoona. Koma pulayiwudi sachedwa kukhululuka: kutentha ndi chinyezi zimene zimang'amba gitala yodula, iye amangopirira. Chachikulu musakasiye padzuwa kapena m'galimoto yotseka, chifukwa guluu akafewa kathabwa kogwira nsambo kamayamba kunyamuka. Ena amalangiza oyamba kumene kuti agule ya nsambo za nayiloni poti sizidula zala. Malangizowo ndi abwino, bola tsiku lina musadzaikepo nsambo zachitsulo, chifukwa zimakoka mwamphamvu ndipo kathabwa kaja kadzakusiyani mukuona.

Nanga mawu ake? Tinene zoona, ndi ochepa. Mimba yaing'ono siitulutsa besi. M'chipinda kamamveka bwino, mawu owala, oyera ndithu. Koma nditapita nako kugombe nyengo ya mwera, mphepo inatenga nyimbo yonse n'kupita nayo cha ku Usisya, ine n'kutsala ndikungogwedeza dzanja. Asodzi amene ankasoka ukonde chapafupi anandiyang'ana mwachisoni, poganiza kuti ndikukanda mphere. Komabe kuchepa mawuko kuli ndi phindu lake. Alandilodi anga, amene nyumba yawo inagundana ndi yathu, sanandikwezere lendi. Anangondiitana m'mawa wina ali ndi tayi pakhosi, ngakhale kuti sankapita kulikonse.

"Ada, usiku ndimamva kanthu kakulira kwanuko. Ngati ndi mphaka, m'patseni chakudya."

Ndinati yewo, ada, ndim'patsa.

Ubwino wina ndi wakuti magetsi akathima, anzanga a makiyibodi amakhala manja lende, pamene ine ndimapitiriza kuzunza banja langa mumdima popanda chondiletsa.

Pofika pano ndimatha kugwira G, C ndi D. Akuti ndi zitatu zimenezi munthu ukhoza kuimba nyimbo zambirimbiri za m'tchalitchi ndi za paukwati, ndipo ndikukhulupirira, kungoti pochoka pa C kupita pa D ndimaima kaye kuti zala zikambirane. Kwaya yoti izindidikira pamenepo sinabadwe. F ndiye ndi mdani wanga. Amafuna chala chimodzi chigone pa nsambo zonse n'kuzipanikiza nthawi imodzi, zinazo zikugwira ntchito zina. Amene anayambitsa F analibe chisoni ndi anthu olima fodya.

Chimene chimandisowetsa pothawira ndi chakuti ndikukhala m'boma la Gasper Nali. Mkulu ameneyu amaimba babatoni, chida chodzipangira yekha, chotalika mamita atatu, cha ng'oma ya chikopa cha ng'ombe ndi nsambo imodzi yokha ya waya wa m'tayala. Dzanja lina kamtengo, lina botolo, phazi likuponda ng'oma. Kanema wake atafalikira pa intaneti, anthu a mayiko akutali anayamba kumufuna, ndipo wakaimba mpaka ku Ulaya. Anyamata awiri a Madalitso Band a ku Lilongwe gitala yawo ndi ya nsambo zinayi, nawonso Ulaya amuzungulira. Allan Namoko wa ku Thyolo anali wosaona, koma banjo yake ndi gulu la Chimvu River Jazz Band zinavinitsa dziko lonse. Agogo Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930 ku Chiradzulu, anakafika ku America mu 2016. Ine wa nsambo 6, zogula m'sitolo ndi lisiti yomwe, ulendo wanga wautali kwambiri ndi wochoka kuchipinda kufika pakhonde. Masamu ake akuonetsa kuti nsambo zikamachuluka ulendo umafupika. N'chifukwa chake tsiku limene E yowonda ija inaduka n'kundikwapula pachipumi, mayi a kunyumba sanadandaule.

"Musalire, bambo. Zatsala zisanu. Mukuyandikira ku Ulaya."

Mlamu wanga anati tiikepo waya wa buleki ya njinga, monga amachitira anyamata a mabanjo a zigubu. Ndinakana, poopa kuti kagitala kangapindike khosi, ndipo ndinadikira mpaka nditapeza wopita ku Mzuzu.

Mlandu wonse unagamulidwa Loweruka lina masana. Ndinali pakhonde ndikulimbana ndi F pamene kamnyamata ka nyumba yachitatu, kamene kamaimba banjo ya chigubu cha mafuta ophikira, kanabwera n'kukhala pansi chapatali. Kanandiyang'ana nthawi yaitali, kenako kanati, "Ankolo, ndingagwireko?" Ndinakapatsa monyinyirika, ndikukachenjeza kuti chinthuchi n'chovuta, chili ndi khosi lolimba, mawu ochepa ndi zochunira zosakhulupirika. Kanapotokola zochunira ziwiri popanda foni, kanapendeketsa mutu kumvetsera, kenako kanayamba kukhutcha.

Abale anga, kagitala kanga kanalankhula. Amayi amene ankapita kumsika ndi mabeseni pamutu anaima pamsewu. Ana anatulukira kumene sindikudziwa. Alandilodi anabwera ndi mpando wawo, phazi likugunda pansi mwa malipenga. Mayi a kunyumba, amene chibwerere kagitalaka anali asanavinepo, anamanga chitenje m'chiuno. Nyimbo itatha anandiyandikira n'kundinong'oneza kuti ana asamve.

"Ndiye kuti gitala ilibe mlandu."

Sindinachite apilo.

Choncho amene mwakhala mukundiimitsa pa depoti kufunsa ngati kagitala kakang'ono kotchipa n'koyenera kuphunzirira, yankho langa ndi lakuti eya, gulani. Ndalama ya gitala yodula muisunge mpaka mutadziwa ngati muli ndi zala. Koma musapite nokha kusitolo. Tengani munthu woimba kale kuti akayang'ane khosi ndi kuyesa mawu, ndipo m'thumba muikemo bokosi la machesi. Kanga sindikugulitsa. Kamnyamata kaja kamabwera madzulo alionse kudzandiphunzitsa, ndipo tinagwirizana kuti pamsewu tizinena kuti ndikukaphunzitsa ndine.

Ngati alipo wina m'tauni muno amene amatha kugwira F osatukwana, andipeze kumsika Loweruka likubwerali. Batala ndigula ine.