Katundu Wosalawitsa

Munthu wa m'tauni sagula chinthu asanachiyese. Pa miyambo yonse imene tinachoka nayo kumudzi, umenewu ndiye tausunga bwino. Mtedza timalawa, n'kulawanso kuti tione ngati woyamba uja sunatinamize. Mapeyala timawadina ndi chala mpaka mayi wogulitsa ayambe kuyang'ana kumwamba. Babu amatiyatsira m'sitolo momwemo, ndipo wailesi timaikweza mpaka pothera kuti Limbe yense adziwe kuti lero tikugula. Tsono pakati pa anthu oterewa pafika katundu woti ukangomuyesa ndiye kuti wamumaliza. Ndikunena timachubu towala tija ta pulasitiki, ma glow stick, timene achinyamata amagwedeza m'mwamba kumadansi a oyimba, ndipo pano tayamba kulowerera maukwati ndi mapemphero a usiku.

Kaimeni pang'ono Loweruka m'mawa m'sitolo yogulitsa zibaluni ndi maluwa a pulasitiki. Simuchedwa kuwaona. Amalowa atapanira envulopu yakhaki kukhwapa, makiyi a galimoto ali m'manja poonekera. Amenewa ndi asungichuma a komiti ya ukwati.

"Chemwali, timagetsi tija tili pati?"

"Ndi iti apa, bwana. Koma musapinde."

"Ndisapinde? Nanga ndidziwa bwanji kuti kamayaka?"

"Kamayaka, bwana."

"Inuyo munakayatsapo kameneka?"

"Ayi."

"Ndiye mukuchitira umboni chinthu choti simunachione?"

Mtsikana asanayankhe, kamveka kuti thyo! Abwana akukakhutchumula, kachubu kakubiriwira, nkhope yawo nayo ikusangalala. "Eya, akatu n'kabwino. Tsopano zimitsani mundikulungire."

"Sikazima, bwana. Kayaka basi mpaka kathe."

Abwana akhala kaye chete, kenaka n'kukabweza pakauntala mwaulemu wonse. "Ndiye mundipatse kena. Aka n'kogwiritsa kale ntchito."

Ndalama ya kachubu kameneko mwina idulidwa pa malipiro a mtsikanayo, koma izo abwana sizikuwakhudza. Iwo achita zimene makolo anatiphunzitsa.

Chimene sakudziwa n'chakuti m'kachubumo mulibe batire, mulibe waya, mulibe poyatsira ngakhale pozimitsira. Muli madzi a mitundu iwiri amene sayenera kukumana nthawi isanakwane. Ena ali m'kabotolo kagalasi kopyapyala kamene kali mkati mwenimweni, ndipo kawirikawiri amakhala hydrogen peroxide, yemweyo amene ku saluni amayeretsera tsitsi. Enawo, mankhwala a mtundu wa oxalate osakaniza ndi utoto, amazungulira kabotoloko. Thyo uja ndi galasi likusweka. Madziwo akasakanikirana, mphamvu imene imatuluka imalowa mu utoto, utotowo n'kuyamba kuwala. Sipakhala moto, utsi kapena kutentha, n'chifukwa chake ungakaike m'thumba la malaya kali chiyakire. Koma galasi likasweka lasweka, ndipo mankhwala akatha, ngakhale muitane m'busa wodzozedwa bwanji, kachubu sikadzukanso.

Amene anatulukira zimenezi sankaganiza za perekaniperekani. Edwin Chandross, wasayansi wa ku Bell Labs ku America, ndiye anayamba kuona kuwala kwa mankhwala a mtunduwu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Kenaka gulu la Michael Rauhut ku kampani ya American Cyanamid linakonza mankhwala oti angasungike m'kachubu, amene anadziwika ndi dzina loti Cyalume. Kunkafunika kuwala kosazima ndi madzi kapena mphepo, kosathetheka moto pafupi ndi mafuta, kothandiza asilikali, amalinyero ndi osambira pansi pa nyanja. Mpaka lero asodzi a m'nyanja zamchere amamangirira timachubuti pafupi ndi mbedza pokopa nsomba zikuluzikulu usiku. Ife tinaona kuti ntchito zonsezo n'zabwino ndithu, koma yoposa zonse ndi kuvina nato polowa m'holo kumbuyo kwa mkwatibwi.

Nanga chinthu chosayesa uchisankha bwanji? Yankho lake n'lowawa kwa ife, anthu amene timataya kapepala ka m'bokosi la mankhwala tisanatuluke n'komwe pachipata cha chipatala. Uyenera kuwerenga.

Kachubu kabwino kamabwera kokhakokha m'kapepala kake ka foyilo komata mbali zonse, pali deti. Foyiloyo sinaikidwe kuti ikongoletse. Chinyezi ndi kuwala kwa dzuwa zimadya mankhwala aja pang'onopang'ono ngakhale galasi lisanasweke, ndipo opanga amati kachubu komatidwa bwino kamatha kukhala mpaka zaka 4. Tija tating'ono tovala pamkono, timene timabwera 50 kapena 100 m'chimpukutu chimodzi cha katoni tili maliseche, tikakhalitsa ndi chaka kapena ziwiri. Ndipo musamawerenge kuyambira tsiku limene mwagula. Timachubuto tinachoka kufakitale ku China, tinakwera sitima ya pamadzi, tinadikira padoko ku Beira kapena ku Dar es Salaam, tinagona m'thilaki pamalire, kenaka tinakhala pashelefu kudutsa Khirisimasi ziwiri tikudikira inuyo. Wogulitsa mukamufunsa kuti katunduyu anabwera liti, yankho n'limodzi m'dziko muno: "Wangofika kumene, bwana."

Papepalapo amalembanso maola. Kachubu konenepa ka masentimita 15 kamayaka maola 8 mpaka 12, malinga ndi mtundu wake. Koma palinso tina tolembedwa mphindi 30, tina mphindi 5 zokha, ndipo timeneti ndiye timawala kuti ngwee mpaka munthu kuphethira. Munthu wa m'tauni akaona kuwala koteroko mtima umagwa pomwepo, amati wapeza orijino. Chonsecho mphamvu ya m'kachubu ili ngati malipiro a pamwezi: ukawala nawo sabata yoyamba, pofika pa 10 uli bii. Kowala mofatsa ndiye kamafika m'bandakucha.

Ngati timachubu tilibe foyilo, maso akadalipo. Kakwezeni kumene kukuchokera kuwala, muone ngati kabotolo kagalasi kali kamphumphu. Gwirani kumutu kumene anamata. Kukakhala konyowa ngati mafuta, kasiyeni, kakudontha. Pulasitiki yake ikhale yochindikala, osati yoti ukangoikhudza yafwamphuka. Ndipo ngati mtima wolawa uja wakana kugona, ine sindikuletsani. Gulani kamodzi ka m'bokosi lomwelo, mulipire, mukakathyole kunyumba madzulo, muone kuti kafooka nthawi yanji. Mawa lake mubwere ndi envulopu yanu. Kulawa n'kololedwa, bola chikhale cholipira.

Mwagula bwino, tiyerekeze. Apa ndiye pamayambira luso lathu lina, losunga zinthu mpaka ziwonongeke. Asungichuma amaponya katoni m'buti ya galimoto, kuti ana asaione, ndipo imakhala m'menemo milungu itatu ya mwezi wa Okutobala, galimoto ili padzuwa kuofesi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kutentha n'mdani wa mankhwalawa. Pamwamba pa katoniyo pamagwanso thumba la makala ndi kireti ya zakumwa, ndiye tina timathyokera momwemo, n'kuwalira tayala la sipeya usiku wonse popanda woombera m'manja.

Amayi akunyumba nawo ali ndi njira yawo. Totsala paukwati amatitsekera m'kabati yagalasi pabalaza, pambali pa mbale zija zimene palibe anadyerapo chiyambire banja. Mwana akapempha kamodzi, amauzidwa kuti n'ta alendo. Alendo oyenera safika. Patapita zaka zitatu magetsi azima usiku, amayi akumbuka chuma chawo, athyola koyamba, zii, kachiwiri, zii, kachitatu kayesa kuwala mwa chizimezime n'kuleka. "Katundu wa masiku ano," amatero akupukusa mutu.

Agogo ndiye amabwera ndi nzeru ya kutchalitchi. Iwo ali ndi kolona wawo wowala mumdima, amene akamuika padzuwa masana, usiku amawala bwinobwino. Ndiye akaona kachubu kakufa amatuma mdzukulu kuti akakaike padenga la malata kuti kakamwe dzuwa. Nzeruyo pa kolona ndi yoona, chifukwa mikanda yake ili ndi zinthu zimene zimasunga kuwala n'kumakutulutsa pang'onopang'ono. Pa kachubu siigwira. Mwa iko mankhwala anatha, ndipo dzuwa silibweza zimene zatha. Koma kawauzeni agogo zimenezo ngati muli ndi mano awiri akutsogolo osawafuna.

Vuto lalikulu kuposa onsewa ndi nthawi. Kachubu kamasunga nthawi, ife ayi. Pa 31 Disembala, kumapemphero olowera chaka chatsopano, othandizira pakhomo amagawa tovala pamkono 6 koloko madzulo, n'kulengeza momveka bwino kuti aliyense adikire mpaka 12 koloko. Asanamalize kulengeza, m'tchalitchi monse mukumveka thyo, thyo, thyo. Musanamizire ana okha. Taonani bambo wa suti uyo pampando wachitatu, manja ali pansi pa benchi, nkhope ili kuguwa ngati akusinkhasinkha mawu, koma nsapato zake zabiriwira. Tating'ono timeneti timayaka bwino maola ochepa chabe, ndipo m'nyumba yodzaza anthu, usiku wotentha wa dzinja, timafulumira kutha. Ikamakwana 12 koloko, abusa akukuwa kuti kwezani kuwala kwanu, mpingo ukukweza timapulasitiki totuwa.

Kudansi n'chimodzimodzi. Chikwangwani chinati zonse ziyamba 7 koloko. Anthu anathyola timachubu tawo pageti, kuti ojambula awaone akulowa. Woyimba amene analipirira uja akukwera pansanja 2 koloko m'mawa, atavala magalasi akuda, ndipo akupempha kuti aone kuwala kwa aliyense. Onse atulutsa mafoni.

Pali chinthu chimodzi chimene akamberembere a m'tauni amanena chomwe n'choona, ndipo ndiwapatse ulemu wawo. Kachubu koyaka ukakaika mufiriji, mozizira kwambiri muja, mankhwala amayenda pang'onopang'ono, ndiye mawa ukakatulutsa n'kukafunditsa m'manja kamawalakonso pang'ono. Sikadzala mphamvu, kamangochedwa kufa. Vuto n'lakuti firiji si aliyense ali nayo, ndiye timakaikiza kwa aneba, amene firiji yawo ndi ya bizinesi, yodzaza mafirizesi ofiira, achikasu ndi obiriwira, m'timapulasitiki tatitali. Muone nokha zimene mwana wa zaka zinayi angaganize akatsegula chitseko.

Apa nthabwala ziime kaye. Madzi a m'kachubu si poizoni woti n'kupha munthu, koma ndi owawa, amayabwa mkamwa, pakhungu, makamaka m'maso, ndipo mkatimo muli tizidutswa ta galasi. Mwana akaluma n'kuboola, mutsukeni mkamwa ndi madzi ambiri. Madziwo akalowa m'maso, thirani madzi oyera kwa mphindi zingapo osaleka, ndipo kupweteka kukapitirira thamangirani kuchipatala. Achinyamata amene amadula timachubu n'kumadziwaza pamalaya kuti awale thupi lonse adziwenso kuti utoto wake suchoka msanga, ndipo suti ya hayala mwini wake amaiyang'ana mkati ndi kunja.

Ndasunga kumapeto msonkhano wa komiti, chifukwa ndi kumene nzeru zonse za m'tauni zimakumana Lamlungu masana, pansi pa mtengo wa mango, aliyense atachedwa ola limodzi. Mfundo yachisanu ndi chiwiri: mtundu wa timachubu. Mnyamata wina amene anaphunzirako sayansi akweza mkono n'kunena zoona, kuti tobiriwira ndi tachikasu ndiye timawala kwambiri ndi kukhalitsa, popeza diso la munthu limaona bwino kuwala kwa mitundu imeneyi, pamene tofiira ndi tabuluu timaoneka tofookerapo. Atcheya amuthokoza n'kumuuza kuti akhale pansi.

"Chikasu ayi," atero amalume a mkwati. "Anthu aziti tabweretsa chipani paukwati."

"Buluu ndiye chipani chenicheni," ayankha a kuchikazi.

"Ndiye tofiira."

"Tofiira? Ukwati wa mwana wanga usanduke wa Maule? Ine wa Manoma chibadwire!"

Zobiriwira nazo zapezeka kuti zili ndi eni ake. Patatha mphindi makumi anayi, azakhali amene anakhala chete nthawi yonseyi atsegula chikwama n'kutulutsa kansalu ka madiresi a operekeza mkwatibwi. "Ukwati uno ndi wa pepo. Chilichonse cholowa m'holo chikhale cha pepo." Palibe wotsutsa azakhali. Mlembi alemba: timachubu 200, ta pepo. Asungichuma afunsa ngati ndalama yake ichoke ku nkhuku kapena ku mpunga, ndipo agwirizana kuti ichoke ku nkhuku.

M'chaka chonse cha misonkhano imeneyi palibe amene anafunsa funso limodzi laling'ono: kodi madyerero ayamba nthawi yanji? Pakhadi palembedwa 1 koloko masana. Holo ili ndi mawindo akuluakulu mbali zonse, dzuwa likuswa mtengo, ndipo eni holo anena kale kuti 5 koloko akufuna makiyi awo. Tsikulo lafika, woyendetsa mwambo akuwa kuti thyolani tonse pamodzi, holo yonse thyo, anthu mazana awiri akugwedeza timapaipi ta pepo m'mwamba, wina aliyense akusuzumira ka mnzake kuti aone ngati kakuyaka. Timachubuto tikuyaka ndithu, monga opanga analonjezera, koma masana sitioneka. Tidzaoneka bwino cha m'ma 8 koloko usiku, m'bini ya kuseri kwa holo, mlonda ali yekha.

Choncho a komiti, ngati phwando lanu n'lausiku, gulani tonenepa, tomata mu foyilo, ta deti yamoyo, tobiriwira ngati azakhali alola, ndipo mutisunge m'nyumba pozizira mpaka ola lake. Ngati likutha dzuwa lisanalowe, ndalamayo ibwezeni ku nkhuku.